Atachimenti pa wailesi ndi kanema: zoyenera kuchita kuchokera pa kalata yofunsira malo kufikira sabata yomaliza

Ophunzira utolankhani ndi zofalitsa nkhani ku MUBAS, ku MIJ, ku University of Malawi, ku African Bible College ndi m'sukulu zina amafika nthawi yoti akagwire ntchito kwa masabata angapo pa wailesi kapena kanema. Sukulu iliyonse ili ndi kutalika kwake kwa nthawiyi komanso fomu yake ya malikisi. Koma funso limene mkonzi amakhala nalo akakuonani ndi limodzi kulikonse: kodi munthuyu ndingamutume yekha, n'kubwerako ndi nkhani yoona, mawu omveka, nthawi youlutsa isanakwane? Zonse zili m'munsimu zalunjika pa funso limeneli.

Kusankha malo

Ambiri amathamangira ku MBC, Zodiak ndi Times, ndipo m'pomveka, chifukwa kumeneko kuli akonzi odziwa ntchito, zipangizo zabwino ndi dzina lolemera pa CV. Vuto lake ndi kuchuluka kwa ofuna malo. Pa nyumba yaikulu youlutsira mawu ophunzira amatha kukhalapo ambiri nthawi imodzi, makompyuta n'kuchepa, ndipo wamanyazi amatha mwezi akungoperekeza anzake. Pa wailesi ya m'dera, monga Dzimwe ku Mangochi, Mudziwathu ku Mchinji, ya ku Nkhotakota kapena ya ku Mzimba, antchito ndi ochepa, moti sabata yachiwiri mukhoza kukhala mukutola nkhani, kuidula nokha ndi kuiwerenga. Choperewera kumeneko ndi munthu wa nthawi yoti akhale nanu pansi n'kukuonetsani pamene mwalakwitsa.

Langizo lathu ndi ili. Ngati mawu anu sanamvekepo pa wailesi, pitani kochepa. Ngati munagwirapo kale pa wailesi ya pasukulu, monga MIJ FM, Chanco Community Radio kapena Radio ABC, limbanirani malo pa nyumba yaikulu, chifukwa chimene mukusowa tsopano ndi mkonzi wolimba mtima wokubwezerani nkhani katatu. Ganiziraninso chiyankhulo: wodziwa Chitumbuka kapena Chiyao ali ndi mwayi umene anzake alibe, ndipo alembe zimenezi m'kalata. Ganizirani za pogona ndi ndalama ya minibasi. Malo ambiri sapereka kalikonse kwa ophunzira, choncho wailesi yoyandikira kwa achibale anu ikhoza kukupindulirani kuposa yotchuka imene muzijombako chifukwa chosowa thiransipoti.

Kufunsira malo

Yambani kutatsala miyezi iwiri kapena itatu, ndipo funsirani malo anayi kapena asanu. Mu envulopu mukhale kalata ya ku sukulu, kalata yanu ya tsamba limodzi, CV ya tsamba limodzi, ndi chitsanzo cha ntchito yanu. M'kalata yanu tchulani tsiku loyamba ndi lomaliza, gawo limene mukufuna, kaya ndi la nkhani, la mapulogalamu kapena la zamasewera, ndi zimene mumatha kale: kudula mawu pa Audacity kapena Adobe Audition, kulumikiza zithunzi pa Premiere, kuwerenga nkhani m'ziyankhulo ziwiri. Musalembe zimene simutha. Adzakukhazikani pa kompyuta tsiku loyamba.

Chitsanzo cha ntchito chisapitirire mphindi zitatu: mphindi imodzi mukuwerenga nkhani m'Chichewa, ina m'Chingerezi, kenaka kankhani kamodzi kamene munatola nokha kokhala ndi mawu a anthu awiri. Nyimbo zakumbuyo musaikemo, mkonzi akufuna kumva mawu anu. Kalata kasiyeni nokha pa ofesi, mufunse dzina la amene amaona za ophunzira, ndipo pakatha masiku khumi imbani kapena pitaniso. Akakuvomerani, pemphani kuti alembe, pakhale dzina la amene azikuyang'anirani, maola ogwirira ntchito, komanso ngati pali kangachepe ka thiransipoti potola nkhani. Kuvomera kwa pakamwa kumaiwalika munthu amene anavomerayo akapita kutchuthi.

Masabata awiri musanayambe

Mverani wailesiyo tsiku ndi tsiku muli ndi kope. Lembani nthawi za nkhani, kutalika kwake, nkhani zingati zimalowa, mawu a anthu amatenga masekondi angati, mtolankhani amatsiriza bwanji lipoti lake. Nyumba iliyonse ili ndi kalembedwe kake ka maudindo, manambala ndi ndalama, ndipo wophunzira wofika atakadziwa kale amaoneka msanga. Lowezani mayina a nduna, bwanamkubwa wa bomalo, aphungu, mafumu aakulu ndi mneneri wa polisi wa m'deralo, pamodzi ndi katchulidwe kake. Kulakwitsa dzina la mfumu pa wailesi ya m'dera kumabweretsa mafoni odandaula nkhani zisanathe n'komwe.

Zonyamula ndi izi: foni yokhala ndi malo okwanira, mahedifoni a waya, pawabanki chifukwa magetsi sadalirika, fulashi, kope ndi zolembera ziwiri. Mukatha kugula kamaikolofoni kokoleka pa kolala, gulani. Valani ngati mukupita ku khoti kapena ku Nyumba ya Malamulo tsiku lililonse, popeza simudziwa kumene akutumeni.

Msonkhano wa m'mawa

Apa m'pamene ophunzira ambiri amagwera. M'mawa uliwonse atolankhani amakumana ndi mkonzi, aliyense n'kunena nkhani imene agwire. Fikani kutatsala mphindi 30, mutamvera kale nkhani za m'mawa za mawailesi ena ndi kuona mitu ya The Nation ndi The Daily Times. Bwerani ndi maganizo atatu, chifukwa loyamba akhoza kukuuzani kuti wina analigwira kale sabata yatha.

Dziwani kusiyana kwa mutu ndi nkhani. Kunena kuti "ndikufuna ndichite za kukwera mtengo kwa zinthu" ndi mutu chabe, ndipo mkonzi adzangokuyang'anani. Nkhani imamveka chonchi: "Ochita minibasi pa msewu wakuti akweza mtengo kuyambira lero m'mawa. Ndiyankhula ndi okwera awiri, kondakitala mmodzi ndi wapampando wa eni minibasi, amene nambala yake ndili nayo. Ndikhala nditamaliza pofika 11 koloko." M'mawu amenewa muli chatsopano, oyankhula, mbali zonse ndi nthawi. Nkhani zotere zili kumene mumakhala ndi kumene mumadutsa: pa mjigo umene wafa, pa msika, pa chipatala chaching'ono, pa depoti. Atolankhani akale amatanganidwa ndi misonkhano ya m'mahotela, ndiye wophunzira wobweretsa nkhani ya kumudzi kapena ya m'makwalala amapeza mpata mosavuta.

Tsegulani tsamba la manambala a foni kuyambira tsiku loyamba: dzina, udindo, nambala, tsiku limene munayankhula naye. Lembani m'kope osati m'foni mokha. Ndipo funsani zimene simukudziwa, paja safunsa anadya phula, koma sankhani nthawi. Kutatsala mphindi 20 kuti nkhani ziyambe si nthawi yofunsa mkonzi za malikisi anu.

Kujambula mawu

Nkhani zambiri za ophunzira zimakanidwa chifukwa cha mawu osamveka, osati chifukwa cha kalembedwe. Musananyamuke jambulani masekondi khumi n'kumvetsera, onani batire ndi malo otsala. Ngati mukujambulira foni, itsekeni kuti isalandire mafoni, apo ayi wina akaimba kujambula kumaduka kapena kumalowa phokoso. Valani mahedifoni nthawi yonse yojambula. Khutu lanu limazolowera phokoso la jenereta, firiji, fani kapena chigayo, koma maikolofoni sazolowera.

Maikolofoni akhale pa mtunda wa chikhatho chotambasula kuchokera pakamwa, masentimita 15 mpaka 20, chammbali pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usamaombe. Agwireni nokha, musampatse woyankhulayo, chifukwa akawatenga watenganso ulamuliro wa kucheza konse. Pa rekoda yoonetsa mlingo wa kukwera kwa mawu, umene umayezedwa mu dB, mawu azisewera cha pa -12 dB ndipo asapyole -6 dB. Akafika pa 0 amaphwanyika, ndipo mawu ophwanyika sakonzeka pa kompyuta, pamene otsika pang'ono amakwezeka. Kunja kukakhala mphepo, ikani siponji pa maikolofoni, mphepoyo ikhale kumsana kwanu kapena bisalani kuseri kwa khoma. Chipinda chopanda kanthu, cha simenti ndi malata, chimabweza mawu. Kuli bwino pansi pa mtengo kapena m'galimoto yotseka mawindo.

Funso loyamba likhale loti munthuyo anene dzina lake lonse ndi udindo wake, rekoda ili kuyenda, ndipo lembaninso m'kope kalembedwe ka dzinalo. Funsani funso limodzi nthawi imodzi, lokhala ndi mawu monga "chifukwa chiyani", "zinayenda bwanji" kapena "ndani", osati loyankhidwa ndi eya kapena ayi. Iye akamayankhula inu khalani chete, gwedezani mutu basi. Ma "eee" ndi "ehe" anu, ngakhale ndi ulemu pa chikhalidwe chathu, amalowa pamwamba pa mawu ake ndipo sachotseka. Akanena mfundo yamphamvu, lembani mphindi imene rekoda ikuonetsa, kuti musadzamvetsere mphindi 25 zonse pofuna masekondi 20. Pomaliza jambulani masekondi 30 a phokoso la pamalopo popanda woyankhula, lidzakuthandizani kubisa podula.

Mukakhala kutali ndipo mukutumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti mawu kapena kanema asafinyidwe. Fayilo ipatseni dzina lomveka: tsiku, nkhani, woyankhula. Mafayilo khumi otchedwa "recording" pa kompyuta ya anthu onse ndiwo amachititsa kuti mawu a munthu wina aulutsidwe pa nkhani ya wina.

Kumudzi yambani mwaonekera kwa amfumu. Ku chipatala, ku sukulu ndi ku ndende pemphani chilolezo kwa akuluakulu musanatulutse rekoda.

Kulembera khutu

Womvera alibe mwayi wobwerera m'mbuyo ngati wowerenga nyuzipepala. Chiganizo chimodzi chinyamule mfundo imodzi. Yambani ndi chatsopano, osati mbiri ya nkhaniyo kapena mndandanda wa amene anafika pa mwambo. Wonena atchulidwe kaye mfundo isanabwere, "Apolisi ku Dedza ati...", kuti womvera asayese kuti ndi maganizo a wailesi. Udindo ubwere patsogolo pa dzina. Manambala aakulu afupikitseni: m'malo mwa K4,987,300 nenani kuti pafupifupi 5 miliyoni kwacha, pokhapokha ngati nambala yeniyeniyo ndiyo nkhani.

Nkhani ya Chichewa isakhale ya Chingerezi yovekedwa mawu a Chichewa. Werengani chikalata chimene mwapatsidwa, chitembenuzeni chafufumimba, kenaka nenani nkhaniyo mokweza ngati mukuuza agogo anu, n'kulemba zimene mwanenazo. Mukakumana ndi mawu a zachuma kapena zamalamulo, funsani mkonzi wa nkhani za Chichewa mmene nyumbayo imawanenera, musapeke anu. Dziwaninso kuti mawu a Chichewa ndi aatali. Lamulo la m'kalasi loti mawu atatu amatenga sekondi imodzi ndi la Chingerezi, ndipo mukaligwiritsa ntchito pa Chichewa nkhani yanu idzapyola nthawi. Njira yodalirika ndi kuwerenga mokweza muli ndi wotchi.

Mawu a woyankhula m'nkhani amatenga masekondi 15 mpaka 25, lipoti lathunthu mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri, koma tsatani muyeso wa nyumbayo. Chiganizo cholowetsa mawuwo chisabwereze zimene munthuyo akunena. Pansi pa nkhani lembani dzina la fayilo, mawu oyamba, mawu omaliza ndi kutalika kwake, kuti wowerenga nkhani ndi wa pa makina adziwe polowera. Podula, chotsani chibwibwi ndi zobwereza, koma siyani mpweya pakati pa ziganizo kuti munthu amveke ngati munthu. Musalumikize yankho la funso lina ku funso lina, kapena kuchotsa "koma" amene akusintha tanthauzo. Kutero ndi kunamizira munthu, ngakhale mawuwo ndi akedi.

Mkonzi akasintha nkhani yanu, sungani zonse ziwiri, yanu ndi yake, muziyerekeze madzulo. Palibe phunziro la pa atachimenti loposa limeneli, ndipo ndi ochepa amene amalichita.

A pa kanema

Zonse za mawu zikukhudzani, kuonjezapo zithunzi. Jambulani chopingasa pokhapokha atakuuzani kuti ndi za pa foni. Chithunzi chilichonse chigwireni masekondi khumi osagwedeza, osakoka pafupi kapena kutali. Pa chochitika chilichonse tengani cha patali, cha pakati ndi cha pafupi, monga msika wonse, mayi pa benchi lake, kenaka manja akuwerenga ndalama. Popanda zimenezi wolumikiza zithunzi alibe chobisira podula. Dzuwa kapena windo likhale kumsana kwa wojambula, apo ayi nkhope ya woyankhula idzada bii. Woyankhula aziyang'ana inu, inuyo mutaima pambali penipeni pa kamera. Onani zithunzi musanalembe, ndipo musalembe zimene mulibe chithunzi chake. Ojambula ndi oyendetsa galimoto apatseni ulemu, anyamulireni miyendo ya kamera. Iwo ndiwo amadziwa njira, anthu ndi nthawi yabwino yofikira, ndipo mawu awo kwa mkonzi okhudza inu amamveka.

Mu situdiyo

Muziganiza kuti maikolofoni aliwonse ndi otsegula. Foni ikhale yozima, mapepala asakhale omata ndi pini chifukwa amachita phokoso potembenuza, ndipo musakhudze batani lililonse pa makina musanaonetsedwe. Nyali yofiira ikayaka pakhomo, musalowe. Akakupatsani mpata wowerenga, werengani pepalalo mokweza kawiri musanalowe, ikani mizere popumira, ndipo mukaphonya liwu konzani n'kupitirira osapepesa kambirimbiri. Pafupifupi wophunzira aliyense amathamanga powerenga chifukwa cha mantha, choncho chepetsani liwiro mwadala.

Malamulo ndi khalidwe

Munthu amene wamangidwa ndi woganiziridwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndipo nkhani yanu inene choncho. Mwana amene wapalamula kapena wachitiridwa nkhanza satchulidwa dzina, ndipo musatchule sukulu, mudzi kapena kholo lake ngati kutero kungamuulule. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limateteza ana otere. Chimodzimodzi wogwiriridwa. Nkhani yoneneza munthu kapena bungwe isapite popanda kumupatsa mpata woyankha, ndipo akapanda kuyankha lembani nthawi imene munaimba ndi uthenga umene munatumiza. Werengani ndondomeko ya khalidwe la atolankhani ya Media Council of Malawi musanayambe. Kumbukiraninso kuti wailesi ndi kanema zimayendera chiphaso cha MACRA, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu, moti cholakwa cha wophunzira chimagwera nyumba yonse. Lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, likhoza kukuthandizani pa nkhani yofufuza, koma yankho limatenga masiku, choncho pempho lanu liperekeni sabata yoyamba.

Chimene mwaona pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp ndi poyambira kufufuza basi. Imbirani mwini nkhani. Ndipo zimene mwamva m'chipinda cha nkhani, kapena nkhani imene sinaulutsidwe, musaziike pa tsamba lanu.

Pa misonkhano ina mudzaona pepala likuyenda loti atolankhani asayine n'kulandira envulopu, chija amati chipondamthengo. Kwa wophunzira amene wabwera wapansi, chiyeso chake n'chachikulu. Funsani wokuyang'anirani sabata yoyamba kuti lamulo la nyumbayo likuti chiyani, ndipo nokha musapemphe ndalama kwa munthu amene mukumufunsa mafunso. Wokupatsani ndalama amayembekeza kumva nkhani yake madzulo, mmene iye akufunira, ndipo ikapanda kutuluka adzaimbira mkonzi n'kutchula dzina lanu.

Wina aliyense, kaya ndi wa pantchito kapena wopereka nkhani, akayamba kukufunani chibwenzi posinthana ndi mpata wowerenga nkhani, malikisi kapena lonjezo la ntchito, sungani mauthenga ake, lembani masiku, ndipo dziwitsani mphunzitsi woona za atachimenti ku sukulu kwanu komanso a ofesi yoona za antchito. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere. Kucheza ndi wopereka nkhani kuchitikire pa ofesi kapena poonekera, masana, mkonzi akudziwa kumene muli.

Buku la ntchito ndi sabata yomaliza

Lembani buku la ntchito tsiku lomwelo: nkhani imene munagwira, amene munayankhula nawo, ngati inaulutsidwa ndi nthawi yake, chimene mkonzi anasintha. Wokuyang'anirani asayine Lachisanu lililonse. Buku lolembedwa usiku umodzi kumapeto limadziwika, masiku ake amasemphana ndipo masamba onse amanena zofanana. Mphunzitsi wanu akanena tsiku lodzakuyenderani, dziwitsani mkonzi msanga kuti asakutumeni kutali.

Nkhani yanu ikaulutsidwa, pemphani kope tsiku lomwelo, chifukwa makompyuta a m'chipinda cha nkhani amafufutidwa pafupipafupi kuti mupezeke malo. Sungani pawiri, pa fulashi ndi pa intaneti. Pomaliza sankhani ntchito zisanu zabwino koposa, zosiyanasiyana: lipoti la nkhani, kucheza ndi munthu, kuwerenga nkhani, kapulogalamu. Funsani chilolezo musanaziike poyera, popeza mwini wake ndi wailesiyo.

Fomu ya malikisi iperekeni kutatsala sabata yathunthu, osati tsiku lomaliza masana. Nthawi yomweyo pemphani kalata yokuchitirani umboni yotchula masiku ndi ntchito zimene munagwira, ikhale pa pepala la nyumbayo ndi chidindo. Bwezani chiphaso, rekoda ndi chilichonse chimene munabwereka, wolandirayo asayine. Nkhani imene mwaisiya panjira ipatseni mtolankhani wina pamodzi ndi manambala ake. Kenaka pemphani mphindi khumi kwa mkonzi, mumufunse zinthu ziwiri zoti mukonze, ndipo ngati kwanu kapena kumene kuli sukulu yanu kulibe mtolankhani wawo, funsani ngati mungamatumizeko nkhani, kwa ndani, pa nambala iti, komanso ngati amalipira pa nkhani iliyonse imene yaulutsidwa.